Nyumba ya aMadamu Sinkafuka Utsi Loweruka

Chaka chimene ndinali Fomu 2 tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Simlemba. Makolo anga ndi matenanti, kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe. Nyumba za matenanti zinali pamzere umodzi kuseri kwa zigafa, ndipo kungodumpha msewu wafumbi kunali sukulu yathu yoyendera ndi nyumba za aphunzitsi.

Ine ndine wamanyazi. M'kalasi ndimakhala pafupi ndi zenera, ndipo yankho ndikalidziwa ndimangolilemba m'mphepete mwa kope, dzanja osakweza. Madzulo ndimalemba m'kabuku kanga zimene ndaona tsikulo. Zambiri n'zopanda pake: nkhuku ya ndani yaikira m'chigafa, ndani wagwa pa njinga. Koma za chaka chimenecho ndikufuna ndizilembe bwino, kuyambira poyamba.

Mu Januwale amayi anapita kuchipatala ndi pathupi, n'kubwerako chimanjamanja. Mwanayo anabadwa atafa kale. Amayi akuluakulu a pamzere anati umenewo ndi mtayo, sukhala ndi maliro. Anakamuika okha m'mamawa, n'kuwauza amayi kuti asalire, chifukwa kulira kumatseka njira ya ana ena. Amayi anamvera, sanalire. Koma kuyambira pamenepo analekanso kuyankhula.

Kale amayi anali munthu waphokoso. Posoka fodya ankayambitsa nyimbo ndiwo, ndipo kapitawo akadutsa ankamuseka za chipewa chake chobooka mpaka iye yemwe n'kuseka. Tsopano ankangogona pamphasa, nkhope kukhoma. Kuphika kunakhala kwa ine ndikaweruka kusukulu, ndipo masiku ambiri khitchini yathu inkakhala yozizira mpaka masana. Ine ndinazolowera kukhala pafupi ndi mphasayo n'kumawauza nkhani za tsikulo ngakhale samayankha. Kuyankhula ndi munthu wosayankha sikundivuta, n'kosavuta kusiyana ndi kuyankhula ndi woyankha.

Abambo anayesa zonse zimene ankadziwa. Anaitana amayi a Mvano kudzapemphera. Anagula chitenje chatsopano cha maluwa achikasu, chimene chinangokhala chopinda m'thumba. Tsiku lina ndikusinja mtedza anandipeza kuseri kwa nyumba, n'kukhala pa njerwa.

"Mwana wanga, ine nzeru zandithera. Lole ya matenanti ikamapita kumudzi mu Ogasiti, amayi ako akwera. Akakhale ndi agogo ako, mwina mphepo ya kwawo iwathandiza. Iwe ndi ine titsala, pali sukulu."

Ndinapitiriza kusinja ngakhale mtedzawo unali utasalala kale. Phalombe ndi kutali. Ndinkadziwa amayi ena amene anakwera lole imeneyo akuti akapume pang'ono, osabwereranso. Ndinangoyamba kuopa mwezi wa Ogasiti.

M'teremu yomweyo kusukulu kunabwera aphunzitsi atsopano a bayoloje, mzungu wachikulire watsitsi la imvi lopotana. Tonse tinkangoti aMadamu. Chitenje ankamanga chopendama, ndipo pa njinga ankaliza belu ngakhale kwa anapiye. Chichewa ankayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda pa mlatho wa mtengo umodzi, koma ankafika tsidya. Tsiku loyamba anatiuza kuti iwo ndi Myuda. Mtsikana wina wakumbuyo anadzuka ndi maso aakulu.

"Madamu, Ayuda amene timawamva kutchalitchi aja? Alipobe?"

AMadamu anatambasula mkono. "Ndilipo. Bwera udzatsine, uone ngati ndine chithunzi."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Inenso ndinaseka, chakukhosi.

Mu Juni fodya anali atauma, ndipo Loweruka lililonse tinkakhala pansi pa shedi kusankha masamba, aatali paokha, ofiira paokha, ong'ambika paokha. Ntchito imeneyi imagwira manja okha, maso ndi pakamwa zimakhala pa ufulu. Kuchokera pa shedipo nyumba ya aMadamu inkaoneka bwinobwino. Woyamba kuona vuto anali mayi oyandikana nafe, amene amagulitsa zitumbuwa pageti la sukulu. Palibe chimene chimadutsa iwo osachiona.

"Anzanga, nyumba ya mzungu ija mwaiona? Chiyambire m'mawa sinafuke utsi."

"Mwina amaphikira magetsi."

"Magetsi ake ati? Anabwera nawo m'chikwama? Lolemba mpaka Lachisanu kakhitchini kaja kamafuka, ndimaona ine ndi maso angawa. Loweruka zii. Loweruka lathali chimodzimodzi. Chisanu chimenechi, munthu osamwa ngakhale tiyi?"

"Kapena ndi a Sabata."

"A Sabata ndimawadziwa ine, mlamu wanga ndi wa komweko. Amatchena n'kupita kutchalitchi. Awa angokhala pakhonde ngati nkhuku yofungatira."

"Ndiye pitani mukawafunse, inu odziwa zonse."

"Ine? Ndikayambe bwanji? Tumani mwana wasukuluyu."

Onse anandiyang'ana. Ndinaweramira pa fodya wanga, makutu akutentha, mpaka anandisiya.

Masana ndinapita kukaphika, ndipo ndili kudikira madzi kuti awire ndinakhala pafupi ndi mphasa monga mwa masiku onse. Ndinawauza amayi za nyumba yosafuka utsi, za nkhuku yofungatira, ndikuyembekeza chete wa nthawi zonse. Mphasa inalira. Amayi anatembenuka.

"Adya?"

Ndinadzidzimuka mpaka ndinaiwala nkhani yanga yomwe. "Ndani, amayi?"

"Aphunzitsi akowo."

"Sindikudziwa."

"Ali ndi wachibale kuno?"

"Ayi, amakhala okha."

Amayi anakhala tsonga, n'kuyang'ana pakhomo kwa kanthawi. "Nyumba yosafuka utsi ndimaidziwa ine," anatero. Anadzuka, n'kumanga chitenje, n'kutenga phale pakona. Anapala makala amoto pamafuwa anga, n'kundipatsa nkhuni zingapo kuti ndinyamule. "Tiye."

Chiyambire Januwale amayi anali asanadutse pabwalo lathu. Tikudutsa pa shedi nkhani zonse zinaduka. Mayi a zitumbuwa anatsala atagwira tsamba m'mwamba, pakamwa pali yasa. Abambo anali pa jeke yopanikizira fodya kudinda belo, ndipo ndinawaona akuvula chipewa ngati kukudutsa abusa. Amayi sanayang'ane aliyense. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lina likutchinga phale ku mphepo.

AMadamu anali pakhonde, atavala bulauzi yoyera ndi juzi, bulangete pa mawondo.

"Odi kuno."

"Lowani, lowani! Aa, mwana wanga wa pazenera. Awa ndi amayi ako?"

Amayi sanadikire malonje. Analunjika kukhitchini ya kuseri. AMadamu ataona phale lija anadzuka mothamanga, bulangete n'kugwa.

"Ayi, ayi, amayi, chonde! Moto ayi!"

"Khalani pansi inu," anatero amayi, ndi mawu awo akale aja, amene ankaopsa nawo mbuzi. "Ine ndikudziwa mmene zimayambira. Umati ndikoleza mawa. Mawa likafika umatinso mawa. Kenako sufunanso ngakhale kuona anthu. Iwe, tenga ketulo uko."

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Amayi anga akukalipira aphunzitsi anga, pakhomo pawo pomwe! Ndinaima pakati ndi nkhuni zanga, osadziwa womumvera.

AMadamu anaima pakhomo la khitchini, manja pachifuwa. "Amayi, zikomo. Koma lero ndi Sabata lathu. Dzuwa likalowa Lachisanu, mpaka nyenyezi zitatu zioneke Loweruka, ife sitikoleza moto, sitiphika, sitigwira ntchito. Timapuma. Ndinaphika dzulo. Bwerani muone."

Anatilowetsa m'nyumba. Patebulo panali mbale ya nyemba, mazira owiritsa, mapeyala, fulasiki, ndi mkate woluka ngati tsitsi, wovundikira ndi kansalu. Panalinso timakandulo tiwiri totha, timene anayatsa dzulo lake dzuwa lisanalowe.

Amayi anayang'ana zonsezo, phale lili m'manja. Nkhope yawo inayamba kubwerera mwakale, ngati chitseko chikutsekeka.

"Ndiye kuti simukudwala."

"Ayi."

"Pepani. Tavutitsa." Anatembenuka kuti azipita, ndipo m'maganizo mwanga ndinaona kale mphasa ija ndi khoma lija.

"Lero sindikudwala," anatero aMadamu kumbuyo kwathu. "Koma matenda amene mwanenawo ndinadwalapo. Amuna anga atamwalira ndinagona miyezi yambiri. Nyumba yanga inazizira ndithu, ndipo sanabwere munthu ndi moto. Inu mwabwera."

Amayi anaima pa masitepe. Kenako anaika phale pansi, n'kukhala pakhonde. AMadamu anakankhira mpando wawo kumbali n'kukhala pansi pa simenti, pafupi ndi amayi. Ndinaganiza kuti tsopano ayamba kuwalangiza, monga ankachitira onse obwera kwathu: limbani mtima, mukadali wamng'ono, mudzabereka wina. Sananene kanthu. Anangokhala. Patapita masiku anandiuza kuti kwawo ukapita kwa munthu woferedwa umakhala pansi, ndipo suyamba ndiwe kuyankhula, umadikira mwini chisoni ayambe yekha, ngakhale dzuwa lilowe.

Tinakhala choncho nthawi yaitali. Makala a m'phale anachita phulusa pamwamba. Ng'ombe zinadutsa mumsewu. Ine mwendo unachita dzanzi koma ndinaopa kuusuntha.

"Anali wamkazi," anatero amayi.

AMadamu anagwedeza mutu.

"Tsitsi lambiri, ngati la uyu atabadwa. Anandionetsa kamodzi kokha." Anayang'ana m'phale muja. "Anandiletsa kulira."

"Mwambo wa kwanu sindingauweruze," anatero aMadamu motsitsa. "Koma pakhonde pano palibe amene akukuletsani."

Amayi analira. Sindidzalemba zambiri za kulirako, ndi kwawo. Ndinawagwira phazi, poti ndi pamene ndinali pafupi, ndipo aMadamu anawagwira dzanja.

Amayi atatonthola, aMadamu anabweretsa fulasiki ndi mkate uja. Amayi anamwa kamodzi n'kuyang'ana m'kapu.

"Tiyi ameneyu wafa."

"Ndi wadzulo."

"Wafa ndithu. Ndipo mkatewu mwauluka bwino, ngati mutu wa mkwatibwi, koma mchere munasungira ndani?"

"Ndinaiwala."

"Ndiye mumati simukudwala!"

AMadamu anaseka mpaka kutsokomola, ndipo amayi anaseka nawo, kaphwete kakang'ono kokhala ngati kachita dzimbiri. Mkate wopanda mchere uja anadya zidutswa ziwiri.

Tinakhala komweko mpaka dzuwa linapendeka. Kumwamba kutayamba kuda tinatuluka pabwalo kukasaka nyenyezi. AMadamu ankatsinzinira kuseri kwa magalasi awo, kuloza apa ndi apo, koma amayi ndi amene anazipeza zonse zitatu, yomaliza pamwamba pa chigafa chachikulu. Pamenepo aMadamu anayatsa kandulo ina, yolukanso, n'kuimba mawu a chinenero chawo atanyamula kapu. Kenako anatipatsa kathumba ka nsalu kuti tinunkhize. Munali masamba ouma a mandimu ndi timbewu tina tonunkhira.

"Sabata likamachoka, mtima umamva chisoni," anatero. "Ndiye timaupatsa fungo labwino, kuti ulimbe polowa m'masiku a ntchito."

Amayi anagwira kathumbako pamphuno nthawi yaitali, maso otseka. Atatsegula anafunsa, "Tsopano moto ukuloledwa?"

"Tsopano ukuloledwa. Machesi ndi awa."

"Sungani machesi anu." Anatola phale lija, n'kufukula phulusa ndi kamtengo. Pansi panali khala limodzi lofiira. Anauzira, n'kuuziranso, udzu unagwira, ndipo kakhitchini ka aMadamu kanafuka utsi. Kutsidya kwa msewu ndinamva mayi a zitumbuwa akuimba nthungululu.

Sindikufuna kunama kuti amayi anachira tsiku lomwelo. Lamulungu anagonanso, nkhope kukhoma. Koma Lolemba aMadamu anabwera kwathu ataweruka, n'kukhala pa mphasa, n'kuyankhula ndi makolo anga onse awiri. Anati Sabata linawathandiza pa matenda awo chifukwa Lachisanu lililonse linkawakakamiza kusamba, kuvala zoyera ndi kuyatsa makandulo, afune asafune. "Koma makandulo okha sakanandichiza. Ndinapitanso kwa dokotala. Ndinamwa mankhwala, ndinayankhula." Anati pachipatala chathu chaching'ono pali anamwino amene amaona anthu ovutika maganizo.

Lachiwiri abambo anapukuta njinga, n'kuika katsamiro pa kaliyala. Amayi anavala chitenje cha maluwa achikasu chija, n'kunyamuka nawo ulendo wa kuchipatala. Atabwerako abambo anandiuza, akupalasa pansi ndi chala cha kuphazi, kuti anamwino anena kuti ndi matenda ndithu, kukhumudwa, ndipo amagwira amayi ambiri amene ataya mwana. Si ulesi, si kulodzedwa. "Ine ndimayesa andikwiyira," anatero. Kuyambira pamenepo ankawaperekeza okha nthawi zonse, ndipo ankabwerako ndi nzimbe.

Masiku ena anali abwino, ena oipa. Koma Loweruka madzulo amayi sankaphonya. Dzuwa likapendeka ankapala moto, ine n'kunyamula nkhuni, n'kukakhala pakhonde la aMadamu kudikira nyenyezi. Ankakangana nthawi zonse.

"Iyo yachitatu!"

"Imeneyo ndi ndege, Madamu. Nyenyezi imayenda?"

"Siikuyenda."

"Yafika kale ku Lifupa inu mukuti siikuyenda."

Mayi a zitumbuwa sanachedwe kuyamba zawo. "Anzathu, tamva mwasanduka Myuda. Tiwauze abusa?"

"Auzeni, mukawauzenso kuti zitumbuwa zanu mumachepetsa nthochi. Ine ndine wa Mvano, kumeneko ndimangokapereka moto." Ndipo Lachinayi lotsatira anapitadi ku Mvano, ngakhale anakhala kumbuyo osaimba.

Lachisanu lina tinapita kukawapatsira aMadamu mchere, dala, asanakande mkate. Anatiuza kuti kwawo Sabata likamalowa makolo amasanjika manja pamutu pa ana awo n'kuwadalitsa. Ana a aMadamuwo ndi akuluakulu, ali kutali, ndiye amangotchula mayina awo. Titafika kunyumba amayi anandiitana ndikutsuka mbale. Anaika manja onse awiri pamutu panga. Ankanunkha fodya ndi sopo.

"Mulungu akusunge, mwana wanga. Unkandiuza nkhani tsiku ndi tsiku. Ndinkamva zonse, ngakhale ya nkhuku ija." Kenako zala zawo zinayenda m'tsitsi. "Koma tsitsi ili wadzola liti mafuta? Lauma ngati chiputu."

Ogasiti anafika. Za lole palibe amene anazitchulanso, ndipo ine sindinafunse, poopa kuzidzutsa. Fodya atagulitsidwa, abambo anagwirizana ndi a esiteti kuti tilimanso chaka china. Lachisanu lina madzulo, tikudya, abambo anatsokomola kangapo.

"Amayi ake mwanayu, lole ija ikunyamuka mawa m'mawa. Malo alipo. Poyamba ndinaganiza ndekha, osakufunsani. Lero ndikufunsa. Mukuti bwanji?"

Ndinasiya kutafuna mbatata yanga. Mlungu umenewo unali woipa, amayi anagona masiku awiri, ndipo sindinkadziwa chimene ayankhe.

"Mawa ndi lachingati?"

"Loweruka."

"Ndiye mukufuna aMadamu agone ndi tiyi wakufa uja?"

"Machesi ali nawo," anatero abambo, akubisa kumwetulira.

"Machesi ali nawo, maso alibe. Mlungu watha anawerenga ndege ziwiri. Akasiyidwa okha adzakoleza moto masana." Amayi anasenda mbatata ina n'kuiika m'mbale yanga. Kenako anayankhula motsitsa. "Sindinachire, bambo. Koma anamwino anga ali kuno, uyu ali kuno, inunso muli kuno. Kwathu tidzapita tonse, amayi anga akandione ndikutsika lole ndi miyendo yanga, ndikuseka. Pano ayi."

Abambo anangoti, "Chabwino." Anatuluka panja n'kuyamba kuwaza nkhuni, ngakhale mulu wa nkhuni unali wofika m'chiuno. Ankaimba likhweru.

M'mawa lole inabwera ndi fumbi lake. Anthu anakweza matumba, njinga zatsopano, nkhuku zomanga miyendo. Amayi anapereka kwa mnzawo wina kamtolo ka sopo ndi shuga kuti akapatse agogo, n'kuima pambali pa msewu akubayibitsa mpaka lole inakhota. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, nditagwira nsonga ya chitenje chachikasu ngati kamwana, ndipo sanandichotse dzanja.

Madzulo tinadumpha msewu ndi phale lathu. AMadamu anali kale pabwalo, khosi m'mwamba, chala chikuloza.

"Amayi, fulumirani! Yachitatu iyo!"

Amayi anayang'ana, n'kuyang'ananso. "Lero mwalasa," anatero. "Iwe, tenga ketulo."